Phunziro 14: Kadimba ka Pamthunzi

Tiwerenge

M'mizinda monga Tete, Ulongwe ndi Lichinga malo ndi ocepa. Nyumba zayandikana. Pakhomo pali mtengo wa mango. Mtengo umatipatsa zipatso ndi mthunzi. Tisaudule.

Anthu ambiri amasesa pansi pa mtengo ndi kuocha masamba. Nthaka imatsala poyera. Mvula ikagwa, madzi amakokolola nthaka. Mizu ya mtengo imaonekera.

Pamalo pamenepa tingathe kulima kadimba.

Cimanga ndi matimati zimafuna dzuwa lambiri. Pamthunzi sizibereka bwino. Koko amakonda mthunzi ndi cinyezi. Mpiru ndi kholowa zimakula kumapeto kwa mthunzi, kumene kumafika dzuwa la m'mawa.

Masamba ogwa ndi cakudya ca nthaka. Tiwayale pakati pa mbewu. Masamba amasunga cinyezi. Udzu sumera wambiri. Akaola amasanduka manyowa. Motero sitithirira tsiku ndi tsiku, ndipo nchito yopalira imacepa.

Tiyale miyala poyenda. Tikatero sitiponda mbewu.

Tichule pamodzi

mtha mthe mthi mtho mthu
mthunzi, mthiko, mthethe

Tiyankhe

1. Kodi mtengo wa mango umatipatsa ciani?
2. Ndi mbewu iti imene imakonda mthunzi?
3. Cifukwa ciani sitiocha masamba?

Ticite

Pita pansi pa mtengo m'mawa. Lemba mzere pansi pamene mthunzi wathera. Masana ukalembenso mzere wina. Kodi mthunzi wasuntha? Jambula mtengo ndi mthunzi wake m'kope mwako.

Kwa makolo

Thandizani mwana kusankha malo. Ndiwo zamasamba zimafuna dzuwa la maola 3 kapena 4 pa tsiku. Musakumbe pafupi ndi tsinde, mungadule mizu ya mtengo. Ngati mizu yaculuka, bzalani m'matumba kapena m'ndowa zakale zoboola pansi.

Nthawi ya dzinja kingani madzi apadenga mu mgolo. Muziuvundikira bwino kuti udzudzu usaswanemo ndiponso kuti mwana asagweremo. Madzi otsukira mpunga ndi ndiwo thirirani mbewu.

Mwana akhale ndi mbewu yakeyake. Tsiku lothyola ndiwo, mumuuze kuti awerenge masamba amene wathyola.