ZA MANDA A MAFUMU

Ife a kuno ku Mlangeni tikhala pakati pa manda awiri a mafumu. Munthu akaturuka m'mudzi mwathu nalunjika ku Dedza, afika ku Lizulu, kumene agona Inkosi Philip Gomani. Akatsika ndi mseu wa ku boma la Ncheu, apeza cipilala ca atate wace, Gomani woyamba, pa mudzi wa Nkolimbo. Ambiri a ife tapitapo kawiri kawiri, mtolo wa mbatata uli pamutu, osaima ndi kufunsa komwe. Cifukwa cace mwezi uno tifuna kuphunzira pamodzi za imfa ndi maliro a akuru, athu ndi a tsidya la nyanja. Funso lathu ndi ili: mfumu ikafa aiika ndani, ndipo mtembo wace ausamalira kapena aulimbanira cifukwa ninji?

Tiyambe ndi mwambo wa makolo. Pokhala Angoni a kwa Maseko ku Songea, m'dziko lochedwa lero Tanzania, inkosi yao Mputa inafa. Akuru asimba kuti sanaikumbira dzenje ai. Anachinga madzi a mtsinje ndi miyala, naunjika nkhuni pouma pakati pa mtsinjewo, nagoneka mtembo pamwamba, nautentha. Ndipo utazirala moto anapasula miyala ija, madzi nakokolola phulusa lonse. Pambuyo pace mtundu unacoka m'dzikomo, wotsogozedwa ndi Cidyaonga, amene anasungira mwana Cikuse ufumu, nudzakhala ku Domwe, tsidya lija la malire.

Ena a ife pakumva ici anyansidwa, nati, Ha, kutentha mfumu monga zinyalala! Koma tisafulumire kuweruza. Tsegulani 1 Samueli 31. Afilisti atapeza mtembo wa Sauli anaudula mutu, naupacika pa linga kuti onse auseke. Amuna a ku Yabesi ndiwo anakaulanditsa usiku, nautentha, nakwirira mafupa patsinde pa mtengo. Ndipo Davide sanawadzudzula, koma anawayamika. Tiganiza kuti makolo athu analinso ndi mantha omwewo. Anali anthu a paulendo, ozingidwa ndi adani, ocoka mawa osabweranso. Akadasiya mtumbira, ndani akadaulonda?

Kuti tione bwino cimene anaopaco, tioloke nyanja, tibwerere m'mbuyo zaka zoposa 900, ku nyengo imene Azungu aicha zaka za pakati. Panali William, mwini dziko la Normandy, ku France. Iye anaoloka ndi zombo m'caka ca 1066, nagonjetsa Angerezi, nagawira nduna zace minda yao. Munthu woopsa, wosakanika. Anafa pa 9 September 1087 m'mudzi wa Rouen. Mmonke wina wolemba mbiri, dzina lace Orderic Vitalis, atiuza zimene zinacitika. Utangocoka mpweya, akuru amene anazinga kama wace anakwera pa akavalo, yense kuthamangira kukasunga cuma cace. Anyamata a m'nyumba, poona kuti ambuye ao acoka, anafunkha zida ndi mbale ndi nsaru, nasiya mtembo pansi, wotsala pang'ono kukhala wamarisece. Msilikari wa kumidzi, Herluin, ndiye anagwidwa cifundo, nalipira ndalama za iye mwini kuti autengere ku Caen, ku nyumba ya Mulungu imene William anaimanga.

Ndipo sizinathere pomwepo. Pamene anati amuike, anaimirira munthu m'khamumo, dzina lace Ascelin, napfuula kuti malowo anali a atate wace, ndi kuti William anawalanda mwa ciwawa. Mabishopu namlipira masheleni 60 pamaso pa onse, kuti maliro apitirire. Tsono kunapezeka kuti bokosi lamwala linacepa, popeza mfumuyo inali yonenepa. Poukanikiza mtembo unaphulika, pfungo nilidzaza nyumba yonse, ansembe natsiriza mapemphero mofulumira. M'caka ca 1562, pa nkhondo ya Aprotestanti ndi Akatolika, manda aja anapasulidwa, mafupa namwazika, ndipo lero patsala pfupa limodzi la nchafu. Ife amene tigona pa maliro ngakhale a mlendo wosauka, tizizwa kuti wogonjetsa England anasowa womcezera usiku umodzi.

Zitapita zaka 83 kunafa munthu wina mwa njira yosiyana. Thomas Becket, bishopu wamkuru wa ku Canterbury, anali bwenzi la mfumu Henry waciwiri, koma anadana cifukwa ca mirandu ya ansembe: mfumu inafuna kuti iweruzidwe pa bwalo lace, bishopu nakana. Pa 29 December 1170 asilikari anai a mfumu analowa m'chalichi madzulo, namkantha ndi malupanga kufikira anafa. Amonke anacita mantha kuti akuphawo adzabwera kudzatenga mtembo ndi kuutaya, namuika msanga m'mawa mwace m'cipinda ca pansi pa chalichi, wopanda ulemu woyenera mkuru wotere.

Koma anthu wamba anayamba kufika pa manda paja, osaitanidwa ndi munthu. M'caka ca 1173 Papa Alexander wacitatu anamuwerenga pakati pa oyera mtima. Ndipo m'caka ca 1174 mfumu Henry mwini wace anayenda m'mudzimo wopanda nsapato, nagwada pa manda, nalola kuti amonke amkwapule pamsana. Kapena analapadi mumtima, kapena anafuna kubweza mitima ya anthu pamene ana ace omwe anamuukira, adziwa ndi Mulungu. M'caka ca 1220 anacotsa mafupa pansi paja, nawaika m'bokosi lokutidwa ndi golidi ndi miyala ya mtengo wace, ndipo kwa zaka 300 alendo anadza kucokera m'maiko ambiri. Sitiyamikira zonse zinacitika kumeneko. Alendowo anagula timabotolo ta ntobvu ta madzi amene anati asanganizidwa ndi mwazi wa Thomas, ndipo manda anasanduka msika. Cuma cimeneco ndi dzina lomwelo zinaitana tsoka; pakuti m'caka ca 1538 Henry wacisanu ndi citatu, amene sanafuna kuti anthu alemekeze wansembe wokaniza mfumu, anapasula zonse, natenga golidi, mafupa nasowa. Lero pamalopo payaka kandulo pa miyala yopanda kanthu.

Taonani tsono, abale, kuti pa manda a mkuru pali nchito ya amoyo. Amene amkonda afunapo malo olirira ndi okumbukira. Amene ali ndi mangawa naye adza kudzawachula pomwepo. Ndipo wolamulira amene aopa dzina la wakufayo afuna kufafaniza malowo. Tikumbukire izi pobwerera kwathu.

Cikuse anafa m'caka ca 1891, ndipo mwana wace Gomani analowa ufumu pa masiku obvuta, a nkhondo ya pa cibale ndi a kwa Kacindamoto, Azungunso ali kukhazika boma lao ku Zomba. M'mwezi wa October 1896 ankhondo a Gomani anathira nkhondo midzi ya pafupi ndi misyoni ya ku Dombole. Sitibisa kuti anthu anasauka nayo nkhondoyo. Boma linatumiza asilikari, namgwira, ndipo pa 27 October anamuombera, pakati pa Dombole ndi Ciole. Angoni asimba kuti anakana kuyenda womangidwa monga kapolo, nakhala pansi, nasankha kufera pomwepo. Ambiri a kwa Maseko akhulupirira kufikira lero kuti mutu wace unadulidwa nutengedwa, monga anacitira Afilisti mutu wa Sauli. Ndipo cimeneci ciwawa mitima yao koposa imfa yomwe. Panalibe wochinga mtsinje tsiku lija, panalibe wotola nkhuni. Cinthu cimene makolo anacipewa ku Songea cinawagwera pa khomo pao.

Amene anamupha anayesa kuti atha naye. Koma mtumbira umene mwambo wa makolo ukadaukana unasanduka msonkhano wa mtundu. Zitapita zaka 31, m'caka ca 1927, anthu ace anamanga cipilala pa mandapo, ndipo anatero boma lomwe lija likali kulamulira dziko. Sanacikuta ndi golidi monga a ku Canterbury. Komatu ciripobe, ndipo caka ndi caka a kwa Maseko asonkhana pa Nkolimbo pa Umhlangano, ocokera m'Malawi muno ndi tsidya la malire, nabvina ngoma ndi zisango zao pafupi ndi pamene inkosi yao inagwa. Makolo amene apita ndi ana kumeneko acita bwino akawauza za munthu wagona pansipo, zokoma ndi zowawa zomwe, angayese anawo kuti adzera nyama ndi magule okha.

Za mwana wace tinena mwacidule, popeza alipo akuru m'midzi yathu amene anaziona ndi maso. Philip Gomani anali Mkristu, nasunga mtendere ndi boma zaka zambiri. Koma m'caka ca 1953, pamene Angerezi anafuna kuphatikiza Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia, iye anakana, nauza anthu ace kuti aleke kumvera malamulo ena a boma. Anamcotsa pa mpando, nafuna kumpitikitsa m'dziko lace ali wodwala. Anathawira ku Angonia, koma Apwitikizi anambweza. Ndipo anamwalira m'caka ca 1954, kutali ndi mudzi wace. Pobwera ku Lizulu anabwera m'bokosi. Ulendo uno mtembo sunatengedwe ndi adani, ndipo sunatenthedwe pa mtsinje. Anauika m'nthaka ya kwao, pamaso pa khamu lalikuru la anthu ace. Amene ali ndi agogo okumbukira tsiku limenelo awafunse mwezi uno, nalembe zimene adzanena, natitumizire.