Kuyabwa kumaliseche si umboni wa chiwerewere

Ndili Fomu 3 ndinayamba kumva kuyabwa kumaliseche, kukutuluka zoyera ngati chambiko. Ndinabisa masabata awiri, kuopa kuti anthu aziti ndayamba zibwenzi. Nesi atandiyeza anati, "Usaope mwanawe, ndi Candida."

Candida ndi kafangasi kamene kamakhala kale m'thupi mwathu. Mabakiteriya abwino otchedwa Lactobacillus ndiwo amakaletsa kuchulukana. Ineyo ndinali nditangomaliza kumwa maantibayotiki, amene anapha mabakiteriyawo. Matenda a shuga, mimba komanso kutsuka mkati ndi sopo nazonso zimakapatsa mpata. Akazi 3 mwa 4 aliwonse amadwalapo, kuphatikizapo ena amene sanagonanepo ndi munthu.

Mnzanga, ukaona zizindikirozi usabise kapena kungoganizira, poti matenda ena opatsirana pogonana amayambanso chonchi. Pita kuchipatala akakuyeze. Ine anandipatsa clotrimazole, ndipo ndinachira m'masiku ochepa.