PHUNZIRO LA ALIMI: Chifukwa Chake Chinangwa Chida Msanga Chikakumbidwa

Ku Limphasa, m'boma la Nkhata Bay, anthu alima mpunga kudambo ndi chinangwa kumtunda. Mpunga ukhala m'thumba miyezi yambiri osaonongeka, koma chinangwa sichitero. Mlimi akakumba Mbundumali Lolemba kuti akagulitse ku Chintheche kapena ku Mzuzu Lachinai, wogula athyola muzu umodzi napeza mizere yobiriwira ndi yakuda m'kati mwake. Pamenepo mtengo ugwa, ndipo nthawi zina mtolo wonse ubwerera kumudzi. Ena ati chinangwa chaola, ena ati chalowa poizoni. Zonse ziwirizi si zoona. Mizereyo ichokera ku mankhwala amene chomera chipanga chokha, ndipo kholo la mankhwalawo dzina lake ndi cinnamic acid.

Kodi cinnamic acid nchiyani?

Dzinali lichokera ku sinamoni, khungwa lonunkhira la mtengo wa ku Sri Lanka limene amai ena athira m'tiyi ndi m'makeke. M'chaka cha 1834 akatswiri awiri a ku France, Dumas ndi Péligot, anapatula m'mafuta a khungwali chinthu chimene chipatsa sinamoni fungo lake, ndicho cinnamaldehyde. Chinthuchi chikakhalitsa pampweya chisanduka cinnamic acid. Asidi ameneyu akakhala payekha aoneka ngati timibulu toyera, sasungunuka bwino m'madzi, ndipo pamoto asungunuka kutentha kukafika madigiri 133. Kachidutswa kake kalikonse kali ndi maatomu 9 a kaboni, 8 a haidrojeni ndi 2 a okosijeni.

Koma asidiyu sali m'sinamoni mokha ai. Chinangwa, mpunga, nthochi ndi mitengo ya m'nkhalango zonse zimpanga. Zitenga phenylalanine, imene iri imodzi ya njerwa zomangira mapuloteni, nizichotsako ammonia, ndipo chotsala ndiye cinnamic acid. Nchito imeneyi ichitidwa ndi chofulumizitsa china cha m'chomera chochedwa PAL, chimene Koukol ndi Conn anachipeza ku California m'chaka cha 1961.

Ana a cinnamic acid

Monga ufa umodzi utulutsa nsima, phala ndi thobwa, chomera chisandutsa cinnamic acid kukhala zinthu zambiri. Poonjezera okosijeni chipanga coumaric acid, kenaka caffeic acid ndi ferulic acid. M'bale wa caffeic acid apezeka wambiri m'khofi ndi m'mbatata, ndipo ndiye adetsa mbatata yosenda ikakhala pamtunda. Ferulic acid ali m'madeya a mpunga. Tizidutswa ta banja limeneli tikalumikizana tambirimbiri tipanga lignin, imene ilimbitsa nkhuni ndi kuimiritsa phesi la mpunga. Chinangwa chokhalitsa m'munda zaka zambiri chichita mitsitsi yolimba m'kati chifukwa cha lignin yomweyo.

Chimene chichitika m'muzu

Pokumba, muzu uvulala pamene wadukira kutsinde ndi ponse pamene khasu lakhudza. Muzu uli wamoyo, ndipo uyesa kudziteteza. Uchulukitsa PAL, nupanga cinnamic acid wambiri, ndipo kuchokera kwa iye upanga mankhwala ochedwa scopoletin oletsa nkhungu ndi tizirombo. Mpweya ukalowa pabala, scopoletin asintha nasanduka wobiriwira ndi wakuda. Achita zimenezi motsata timitsempha ta muzu, nchifukwa chake kuda kuoneka ngati mizere. Kawirikawiri mizere iyamba pakapita tsiku limodzi kufikira masiku 3. Chinangwa chotere sichipsa bwino ndipo kukoma kwake kuchepa. Kuola kwenikweni, kobwera ndi nkhungu, kutsatira pambuyo pake, patapita ngati sabata.

Zinthu zitatu zosayenera kusokoneza

Choyamba ndicho mizere imene yafotokozedwayi. Iyo ibwera chinangwa chitakumbidwa kale.

Chachiwiri ndi matenda a zilonda zofiirira m'muzu. Muzu wodwala upezeka uli kale ndi mabala ouma, ofiirira, tsiku lomwe ukumbidwa. Matendawa anafotokozedwa koyamba ndi H. H. Storey ku Tanganyika m'chaka cha 1936. Abwera ndi vairasi, ndipo afala ndi mbeu zodulidwa ku mitengo yodwala ndiponso ndi tintchentche toyera. Mlimi woona zotere asatengeko mbeu m'munda umenewo, koma auze mlangizi. Pa Mkondezi pali malo a Boma ofufuzira za ulimi kumene nchito ya chinangwa ichitika.

Chachitatu ndi poizoni wa chinangwa chowawa monga Gomani. Poizoniyu sachokera ku cinnamic acid konse, koma ku linamarin, amene atulutsa cyanide. Alibe mtundu woti maso auone. Muzu woyera mbee ungathe kupha, ndipo muzu wa mizere sutanthauza kuti poizoni wachuluka kapena watha. Chinangwa chowawa chiyenera kusendedwa, kuviikidwa m'madzi kufikira chitafewa ndithu, ndi kuyanikidwa bwino chisanasinjidwe ufa wa kondowole. Mai wofupikitsa masiku oviika chifukwa cha njala aika ana ake pangozi.

Zoyenera kuchita

1. Mlimi akumbe chokwanira kudya kapena kugulitsa tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Nkhokwe yabwino ya chinangwa ndi munda.

2. Akumbe mosamala, makamaka nthaka ikauma. Mizu yotemeka ndi khasu ipatulidwe ndi kudyedwa poyamba. Podula muzu kutsinde ndi bwino kusiyako kamtengo pang'ono, kuti bala lisafike pamnofu.

3. Chinangwa cha kondowole chisendedwe ndi kuviikidwa tsiku lomwe chakumbidwa. M'madzi mpweya sufika pamuzu, choncho mizere siyamba ndipo ufa utuluka woyera.

4. Mizu yosavulala ingasungike masiku ambiri ikakwiriridwa m'dothi lachinyontho kapena m'utuchi wonyowa pamthunzi. Pachinyontho mabala apola. Padzuwa ndi pamphepo mizu iuma ndi kuda msanga.

5. Kudula mitengo ya chinangwa masabata 2 kapena 3 asanakumbe kuchedwetsa mizere, ngakhale kuti ufa wa m'mizu uchepako pang'ono.

Ku Costa Rica ogulitsa chinangwa ku maiko akutali achiviika m'phula losungunula kuti mpweya usalowe. Mlimi wa ku Limphasa safunika phula. Akapangana ndi wogula ndi wagalimoto tsiku asanatenge khasu, chinangwa chake chifika pamsika chiri choyera, ndipo alandira mtengo wake wonse.