Phazi Likasiya Kudandaula

Mng'ono wanga, iwe wodzibaya insulini tsiku ndi tsiku, usadikire kuti ululu ndiwo ukuuze kuti mapazi ako ali pamavuto. Shuga akakhala wokwera m'magazi kwa zaka zambiri amawononga mitsempha yomvera, pamodzi ndi timitsempha ta magazi toidyetsa. Yoyamba kufooka ndi italiitali, yofika ku zala zakumapazi, ndipo kawirikawiri mapazi onse awiri amadwalira limodzi. Ena amamva kubayabaya kapena kuotcha usiku. Amenewo bola, poti amathamangira kuchipatala. Choopsa ndi dzanzi: phazi lili zii, mwini wake n'kumati zonse zili bwino.

Phazi lotere limaponda munga osadziwa, limayenda tsiku lathunthu ndi kamwala m'nsapato. M'nyengo yozizira ya June ndi July munthu amaliyandikiza pambaula mpaka matuza, n'kudzaona m'mawa. Chilonda cha wodwala shuga chimachedwa kupola, ndipo chikalowa mafinya nkhani imatha kufika podula chala kapena mwendo. Choncho zimene phazi lasiya kumva, maso ako azione. Madzulo aliwonse yang'ana pansi pa phazi, pachidendene ndi pakati pa zala. Galasi lithandize pomwe suona. Madzi osamba uyambe wayesa ndi chigongono. Nsapato uzikutumula usanavale, usayende osavala nsapato ngakhale pakhomo, ndipo lezala lisayandikire chikopa chokhuthala cha kuphazi.

Zaka zovuta ndi zakusekondale. Thupi likamakula, insulini sagwira ntchito mofanana ndi kale, ndiye mlingo umafunika kuonedwanso kuchipatala. Nthawi yomweyo n'kuti manyazi akula: wachinyamata safuna kudzibaya anzake akuona kuhositelo, amadumpha jakisoni, ena amayamba fodya ndi mowa, zomwe zimaonjezera kuwononga mitsempha. Thupi silidandaula tsiku lomwelo, n'chifukwa chake ambiri amanyengeka. Kafukufuku wa DCCT, wa anthu 1,441 ku America ndi Canada, amene zotsatira zake zinatuluka mu 1993, anapeza kuti osamala kwambiri shuga wawo anachepetsa vuto la mitsemphali ndi pafupifupi 60 peresenti. Ndiye ukapita kukiliniki funsa za HbA1c, muyeso wosonyeza mmene shuga wakhalira pa miyezi pafupifupi itatu yapitayo. Ngati wakwanitsa zaka zisanu ndi matendawa, vula nsapato ndi masokosi wekha pamaso pa adokotala, kamodzi pachaka, akuyeze ndi kaulusi kawo kokhudzira phazi. Pamzere wautali, wosavula nsapato sayezedwa.

Palinso mitsempha ya m'kati, imene achinyamata sakonda kuitchula. Chizungulire ukadzuka msanga, kukhuta utangodya pang'ono, kuchepa mphamvu zachimuna, kapena shuga kutsika osamva kunjenjemera ndi thukuta kochenjeza kuja: zonsezi uzinene mosabisa. Ndipo dzanzi lililonse si la shuga ayi. Mankhwala a TB otchedwa isoniazid amalibweretsanso, n'chifukwa chake amaperekedwa pamodzi ndi vitamini B6. Ngati ukuwamwa, uwauze adokotala a shuga tsiku lomwe wayamba.