Malipiro Akutha Mwezi Usanathe, Nditani?

Funso: Ndine mayi wa ana anayi ku Ndirande. Malipiro a bambo akunyumba amatha pofika pa 15, pomwe kutchalitchi kumafunikanso chakhumi ndi zopereka za Mvano. Ndithandizeni.

Yankho: Amayi, yambani ndi chimanga. Gulani matumba mu Meyi kapena Juni, anthu atangokolola, mtengo uli pansi. Pofika Januwale ndi Febuluwale chimakwera kwambiri, ndipo ufa wogula pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku ndi umene umadya ndalama mwakachetechete. Chiumitseni bwino, muchisunge m'matumba a PICS kuti anankafumbwe asachiwononge.

Malipiro akangobwera, khalani pansi ndi bambo, mupatule za lendi, fizi ndi chakhumi tsiku lomwelo. Zotsalazo muzigawe za sabata iliyonse. Kangachepe kamene mwasunga kapite ku banki mkhonde, chifukwa ndalama ya pafoni imathera mayunitsi. Katapila ndiye musamuyandikire n'komwe.

Za Mvano, musachite manyazi kuuza amayi anzanu kuti chitenje cha msonkhano simukwanitsa mwezi uno. Ambiri mwa iwo akulimbana ndi vuto lomweli, angosowa woyamba kulankhula.