Mtsinje wa Mudi ndi phunziro la twahara



Tonse amene tinadutsa ku madrassa tikukumbukira phunziro la madzi. A Mwalimu ankatiuza kuti najisi ikasintha mtundu, fungo kapena kakomedwe ka madzi, basi, madziwo sungachitire wudhu. Ine ndinangoloweza, n'kumaganiza kuti ndi nkhani ya ndowa ya kuseri kwa mzikiti.

Sabata yatha ndimawoloka Mudi pafupi ndi msika wa Blantyre, nditatseka mphuno ngati wina aliyense. Phunziro lija linandibwerera pomwepo. Mtundu wake ndi wakuda, fungo ndiye musanene, kakomedwe palibe angayerekeze kulawa. Koma kumunsi kwa mtsinje womwewu anthu amachapa, ena amathirira ndiwo zamasamba zimene timagula ifeyo.

Mu hadith yomwe ili mwa Abu Dawud, Mtumiki (SAW) analetsa kudzithandiza pamalo otungira madzi, panjira ndi pamthunzi, ndipo anachenjeza kuti zimenezi zimabweretsa matemberero. Taganizani, apatu akunena za munthu mmodzi, kamodzi. Nanga fakitale yotayira madzi ake oipa mumtsinje tsiku ndi tsiku, chifukwa kuwayeretsa kaye kumadya ndalama? Mwini wake amapeza phindu, matenda n'kupita kwa mayi wa kumunsi amene alibe mpopi. Kwa ine uku ndi dhulm, ngakhale mwiniyo atamanga mizikiti khumi.

Mukaona m'mbali mwa Mudi, chinanso chodzadza ndi majumbo. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 mu 2015. Makampani opanga anathamangira kukhoti kukatenga chiletso. Mu 2019 khoti la Supreme linagamula kuti lamulolo lipitirire kugwira ntchito, koma ziletso zina zinabwerabe, majumbo n'kumapangidwa. Zaka zonsezo anali kutseka ngalande, ndipo mvula ikagwa madzi amasowa kolowera n'kusefukira m'makomo mwa anthu. Ufulu wopita kukhoti ali nawo, sindikukana. Koma mudamvapo kuti kampani yabwera kudzatola majumbo ake mu ngalande ya ku Ndirande?

Chimene chimandivuta n'choti nkhanizi sitizimva kawirikawiri mu khutba. Timaziona ngati za mabungwe ndi azungu awo. Chonsecho Surat Ar-Rum, ayah 41, imalumikiza kuwonongeka kwa mtunda ndi nyanja ndi ntchito za anthu, ndipo tinaphunzira tili ana kuti munthu ndi khalifa, dzikoli anangosungitsidwa. Kuletsa choipa sikuthera pa zovala za alongo athu (pamenepo ndiye timalankhula mpaka mawu kusasa).

Ifenso tisadziyeretse. Pa Ramadan, tikatha kufuturu, taonani pabwalo la mzikiti: majumbo a futali, timabotolo ta madzi, mbwee. Ineyo ndatayapo ambiri.

Ndiye pempho langa ku komiti ndi ili. Tipemphe a Shehe kuti Ijuma imodzi alalikire za madzi. Pofuturu chaka chino aliyense abwere ndi mbale ndi kapu yake. Ndipo amene mumakhala kufupi ndi mtsinje, mukaona paipi ikutulutsa madzi oipa jambulani, mulembe malo ndi tsiku, titumizire limodzi ku MEPA ndi ku khonsolo m'dzina la bungwe lathu. Kalatayo ndilemba ndine, insha Allah. Amene muli ndi zithunzi kale, bwerani nazo Loweruka ikatha swala ya Asr.