Za Mwambo wa Kugoneka Mtembo wa Mfumu Pamaso pa Anthu

Phunziro la mwezi uno

Munthu akamwalira m'mudzi mwathu, mtembo wace ugona m'nyumba ya siwa, ndipo abale ndi anansi asonkhana, nacezera usiku wonse kufikira adzukulu atakonza manda. Akuru anati, maliro nkulirana. Koma akamwalira munthu amene anatsogolera mtundu wonse, nyumba yanji idzakwanira anamfedwa onsewo? Mitundu yambiri ya anthu icita cotere: igoneka mtembo m'nyumba yaikuru ya boma masiku owerengeka, nitsegula makomo kuti yense wofuna alowe kudzatsazika. Mwezi uno tiphunzire umo acitira Angerezi, pakuti m'mwambo waowo muli mau otilangiza ife tonse.

1. Nyumba yace

M'mzinda wa London, m'mbali mwa mtsinje wa Thames, muli nyumba yakale dzina lace Westminster Hall, yolumikizana ndi Nyumba ya Malamulo. Anayamba kuimanga caka ca 1097, masiku a mfumu William II. M'litali mwace muli mapazi ngati 240, ndipo tsindwi lace la mitengo lakhala zaka zoposa 600. Kale inali bwalo la milandu: m'menemo anaweruza mfumu Charles I caka ca 1649, nalamula kuti iphedwe. Cotero nyumba imodzi yomweyo inaona mfumu iri kutsutsidwa ndi anthu ace, niinaonanso mafumu ena ali kulemekezedwa.

Amene anayamba kugonekedwa m'menemo monga mwa mwambo umenewu sanali mfumu ai, koma William Gladstone, caka ca 1898, munthu amene anakhala nduna yaikuru ya dziko kanai. Mfumu yoyamba inali Edward VII caka ca 1910. Anatsatapo George V caka ca 1936, George VI caka ca 1952, ndi Winston Churchill caka ca 1965, nduna imene inatsogolera dzikolo pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Caka ca 2022 anagonekamo Mfumukazi Elizabeth II, imene inalinso Mfumukazi ya dziko lathu la Malawi kufikira caka ca 1966. Pansi pa nyumbayo pali timapale tamkuwa tolembedwapo maina ao.

2. Macitidwe ace

Pakati pa nyumba amanga nsanja, naikuta ndi nsaru yacibakuwa, naikapo bokosi. Likakhala bokosi la mfumu, alipfunda ndi mbendera yacifumu, ndi pamwamba pace asanjika korona, ndodo yacifumu, ndi mpira wagolidi wokhala ndi mtanda. Nyali zazitali ziyaka pozungulira. Pa ngodya zinai paima asilikari, mitu yowerama, zida zao zoloza pansi. Salankhula kapena kuceuka, ndipo asinthana pakupita mphindi 20, usana ndi usiku.

Kwathu kuno tiona nkhope, ndi amai abuma maliro kuti mudzi wonse umve. Kumeneko bokosi liri lotseka, ndi m'nyumba muli zii. Cimene cimveka ndi mapazi a anthu basi. Munthu afika, naima kanthawi, nawerama, napita. Tisayese kuti alibe cisoni cifukwa salira mokweza, pakuti mtundu uli wonse uli nako kalilidwe kace.

Pa maliro a George V, usiku wina ana ace amuna anai, mmodzi wa iwo ndiye mfumu yatsopano, anatsika naima pa ngodya za bokosi la atate wao monga alonda. Caka ca 2022 ana anai a Mfumukazi anacita comweco, ndipo m'mawa mwace adzukulu ace obadwa kwa anawo, asanu ndi atatu, anaimanso. Taonani, mwini ufumu anaima duu wosatukula mutu, anthu wamba ali kupita pambali pace.

3. Mzere wa anthu

Mfumukazi Elizabeth inamwalira pa 8 September 2022 ku Balmoral, m'dziko la Scotland, italamulira zaka 70. Makomo a Westminster Hall anatsegulidwa madzulo a pa 14 September, ndipo sanatsekedwe kufikira mbanda kuca wa pa 19. Mzere wa anthu unatsata gombe la Thames mitunda ingapo. Ena anaima usiku wonse m'mphepo, ndipo tsiku lina analengeza kuti wolowa m'mzere adzadikira maora oposa 24. Onse amene analowa anali ngati 250,000. Pa maliro a Churchill anapitirira 300,000, ngakhale inali nyengo ya cisanu coopsya.

M'mzeremo sanafunse munthu mtundu wace, kapena cuma cace, kapena mpingo wace. Analibe kulipira kanthu. Nkhalamba yobvala mamendulo a nkhondo inaima pambuyo pa mwana wa sukulu. Koma akuru ena a Nyumba ya Malamulo analoledwa kulowa pa khomo lina osadikira, ndipo anthu ambiri anang'ung'udza nazo. Kung'ung'udza kumeneko kutionetsa cimene cinali m'mitima yao: anazindikira kuti pa maliro sipayenera kukhala khomo la akuru ndi lina la ang'ono.

4. Korona itsala

Mwambo womariza unacitika m'kacisi wa St George ku Windsor. Bokosi lisanatsikire kumanda, anacotsapo ndodo yacifumu, mpira wagolidi ndi korona, nazipereka kwa mbusa wamkuru wa kacisiyo, amene anaziika paguwa. Pamenepo kapitao wamkuru wa nyumba ya mfumu anatenga ndodo yace yoyera, cizindikiro ca nchito yace, naityola pakati, naiika pabokosi, kusonyeza kuti utumiki wace kwa Mfumukaziyo watha. Tsono bokosi linatsika lokha. Korona yomweyo anaibvala Charles III pa 6 May 2023, tsiku la kulongedwa ufumu kwace.

Imvetsani ici bwino. Masiku onse aja korona inagona pamwamba pa bokosi, anthu zikwi zikwi naiona iri kunyezimira; koma m'manda siinalowe. Inali yobwereka. Wina anaibvala Mfumukazi isanabadwe ufumu wace, ndi wina waibvala itapita.

5. Cimene tiphunzirapo

Coyamba: boma likhoza kutsegula makomo, kuimika asilikari ndi kuyatsa nyali, koma silikhoza kukakamiza munthu kuti aime m'mphepo usiku wonse ndi mtima wofuna. Kutalika kwa mzere kuyesedwa ndi masiku amene wakufayo anali ndi moyo. Buku laciwiri la Mbiri litiuza za anthu awiri. M'mutu 21 tiwerenga za Yehoramu, mfumu ya Yuda, amene anapha abale ace nasokeretsa anthu. Pakufa iye panalibe womlira, ndipo sanamuike m'manda a mafumu. M'mutu 24 tiwerenga za Yehoyada, amene anali wansembe cabe. Koma anamuika pamodzi ndi mafumu cifukwa ca zokoma zimene anacitira mtundu wace. Momwemonso Gladstone ndi Churchill sanabadwire m'banja lacifumu, koma anagona pa malo pamene agona mafumu.

Caciwiri: mpando suli wace wa iye wokhalapo. Inu mafumu a midzi, akuru a mpingo, aphunzitsi ndi akapitao, ndodo imene iri m'dzanja lanu lero idzakhala m'dzanja la wina. Mukaweruza mlandu wa munda wa mkazi wamasiye, kapena mukasunga ndalama za anthu, kumbukilani kuti anthu omwewo ndiwo adzagona pa siwa yanu. Kodi adzabwera cifukwa ca mwambo wokha, kapena adzabwera atataya munthu wao?

Cacitatu: ulemu umene ticitira akufa usapose umene tinawacitira ali moyo. Kuli kwabwino kulira mkuru wa dziko, pakuti mtundu wosakumbukira amene anautumikira sudzapeza ena ofuna kuutumikira. Koma m'midzi mwathu muli nkhalamba zogona ndi njala, zimene tidzazigulira nsaru yatsopano tsiku la maliro ao. Nsaru imeneyo ikadawapfunditsa lero. Ndipo pa maliro a mmphawi tifike monga tifika pa maliro a mfumu, pakuti pamaso pa Mlengi onse awiri afika wopanda korona.

Mafunso a pa msonkhano wa pakati pa sabata

1. Ndani anayamba kugonekedwa m'Westminster Hall, ndipo nchito yace inali yotani?
2. Cifukwa ninji acotsa korona pabokosi lisanatsikire kumanda?
3. Yehoramu ndi Yehoyada anasiyana bwanji pa moyo wao ndi pa maliro ao?
4. Kodi m'mudzi mwanu muli ndani amene muyenera kumcitira ulemu mwezi uno, akali kuona ndi maso ace?